Mbiri ya zitsulo zoyendera: kodi mwana wobadwa ndi chotupa pamsana adzayenda?

Nkhani ya lero ndi yaitali kuposa masiku onse, choncho amene muli ndi ntchito m'manja isungeni muwerenge madzulo. Tikamba za ana amene amabadwa ndi chotupa kapena bala pamsana, vuto limene achipatala timalitchula kuti spina bifida, komanso za zipangizo zimene anawa amavala kumiyendo kuti aime ndi kuyenda.

Kholo lililonse la mwana wotere limafunsa funso limodzi: kodi adzayenda? Yankho lake lakhala likusintha m'kupita kwa zaka. Pa nthawi ya agogo athu, ngakhale kumayiko olemera, nkhani ya kuyenda sinkafikidwa n'komwe chifukwa ambiri mwa anawa sankakwanitsa chaka. Lero ambiri amakula, amapita kusukulu, ndipo ena amayenda ndi kapulasitiki kopepuka kolowa mu nsapato. Tiyeni tione momwe zinthu zinasinthira, chifukwa mu mbiriyi muli phunziro limene mayi wa ku Makanjira, Malindi, Namwera kapena Monkey Bay ayenera kulidziwa asanamuveke mwana chipangizocho.

VUTOLI LIMAYAMBA LITI?

Mkati mwa fupa la msana mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo. Mtsemphawu ndi umene umauza miyendo kuti isunthe, umabweretsa ku ubongo uthenga wa ululu, kutentha ndi kuzizira kuchokera kumapazi, ndiponso umalamulira chikhodzodzo ndi matumbo. Mwana akamaumbika m'mimba, njira ya mtsemphawu imayamba ili yotseguka ngati ngalande, kenako imatsekeka. Kutsekekako kumatha pofika tsiku la 28 chitengereni pathupi, nthawi imene amayi ambiri amakhala asanazindikire kuti ndi oyembekezera. Pakatsala malo osatsekeka, mwana amabadwa ndi chotupa pamalopo, kawirikawiri chakumunsi kwa msana, ndipo mitsempha yochokera pamenepo kupita kumiyendo sigwira bwino ntchito.

Si ufiti, si tsempho, ndipo si chilango cha zimene mayi kapena bambo anachita. Vutoli limapezeka m'mayiko onse ndi m'mitundu yonse. Dzina lakuti spina bifida linafala kudzera mwa dokotala wa ku Amsterdam, Nicolaes Tulp, amene anafotokoza za ana otere m'buku lake la m'chaka cha 1641. Dzinali likutanthauza msana wogawanika pawiri.

NTHAWI IMENE NKHANI INALI YA MOYO KAPENA IMFA

Kwa zaka pafupifupi 300 chilembereni a Tulp, madokotala ankalidziwa vutoli koma analibe chochita. Ana ankafa ndi zinthu zitatu. Choyamba, tizilombo tinkalowa pabala la pamsana n'kukafika ku ubongo. Chachiwiri, madzi ankadzadza m'mutu, mutu n'kumakula, vuto lija timati hydrocephalus, lomwe limayendera limodzi ndi spina bifida pa ana ambiri. Chachitatu, opulumuka ziwiri zoyambazo ankadzafa ndi impso, chifukwa mkodzo unkatsalira m'chikhodzodzo n'kumabwerera kumtunda.

Mavuto atatuwa anapezedwa njira limodzilimodzi. Mankhwala opha tizilombo monga penisilini anafala m'zaka za m'ma 1940. Kenako mu 1955, ku America, mmisiri wa makina dzina lake John Holter anabereka mwana wamwamuna, Casey, wokhala ndi spina bifida ndi madzi m'mutu. Bamboyu sanali dokotala. Ataona kuti zipangizo zimene zinalipo zochotsera madzi m'mutu sizikugwira bwino, anayamba kuyesa yekha kunyumba kwake, ndipo mu 1956, mogwirizana ndi dokotala Eugene Spitz, anapanga kavalavu kakang'ono kolola madzi kutuluka m'mutu osabwereranso. Casey anamwalira akadali wamng'ono, koma ntchito ya bambo ake inapulumutsa ana osawerengeka. Kapaipi ka shunt kamene ana athu amaikidwa lero ku Blantyre ndi ku Lilongwe ndi mdzukulu wa kavalavu kameneko.

Mu 1963, madokotala a mumzinda wa Sheffield ku England, John Sharrard, Robert Zachary ndi John Lorber, anafalitsa kafukufuku wolimbikitsa kuti bala la pamsana lizitsekedwa msanga mwana akangobadwa. Mpaka lero cholinga ndi chakuti opaleshoniyi ichitike m'masiku awiri kapena atatu oyambirira. Ndipo mu 1972, dokotala Jack Lapides wa ku Michigan anaonetsa kuti munthu angathe kumachotsa mkodzo ndi kapaipi koyera kangapo patsiku ali kunyumba, osadikira chipatala. Njira imeneyi ndi imene ikuteteza impso za ana ambiri, ndipo amayi akumudzi amaiphunzira bwinobwino.

Ana atayamba kukhala ndi moyo, m'pamene funso la kuyenda linabwera.

ZITSULO ZINABWERA NDI POLIYO

Zitsulo zimene ana oyambirirawo anavekedwa sizinapangidwire iwo. Zinali zipangizo zakale, zina zochokera pa nzeru za dokotala Hugh Owen Thomas wa ku Liverpool m'zaka za m'ma 1800, ndipo zinafala kwambiri chifukwa cha poliyo. Zinkakhala ndi timizati tiwiri tachitsulo m'mbali mwa mwendo, malamba achikopa, ndi nsapato yolemera yobooledwa kuchidendene kuti chitsulo chilowemo. Dzina lake ndi makalipa.

Kuno ku Africa, munthu amene anathandiza kwambiri kuti makalipa afike kwa osauka ndi Ronald Huckstep, dokotala wa mafupa amene ankagwira ntchito ku Kampala m'dziko la Uganda m'zaka za m'ma 1960. Iye anaonetsa kuti chitsulo wamba, chikopa ndi nsapato yosema kuchokera kumtengo ndi zokwanira kumuimika mwana amene ankakwawa. Buku lake la mu 1975 lonena za poliyo linagwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri osauka.

Kwathu kuno, boma linakhazikitsa MACOHA kudzera mu lamulo la mu 1971, ndipo mu 1979 kunabadwa bungwe la Malawi Against Polio, lodziwika kuti MAP. Achikulire ambiri akukumbukira magalimoto a MAP akufika pazipatala za m'maboma, makolo atafola ndi ana awo kudikira kuyezedwa miyendo. Bungweli linkapanga makalipa, ndodo zoyendera ndi njinga za anthu aulumali, ndipo ndi limene linamanga malo a Kachere ku Blantyre. Popeza madokotala a mafupa anali osowa kwambiri, mu 1985 dokotala Edward Blair wa ku Canada anayambitsa maphunziro a miyezi 18 a ma clinical officer a mafupa. Amenewa ndi amene timawapeza ku chipinda cha mafupa pazipatala za m'maboma mpaka lero, ndipo ndiwo amayamba kumuona mwana wa mapazi opindika asanatumizidwe kutsogolo.

Katemera anagonjetsa poliyo. Kuyambira mu 1992 dziko lathu linakhala zaka pafupifupi 30 osapeza mwana wodwala poliyo ya kuthengo, mpaka mu February 2022 pamene boma linalengeza za mwana mmodzi ku Lilongwe, n'kuyamba katemera wa khomo ndi khomo amene tonse tikumukumbukira. Odwala poliyo atachepa, MAP inasintha dzina kukhala Malawi Against Physical Disabilities, ndipo amisiri aja anayamba kuthandiza ana a mavuto ena, kuphatikizapo a spina bifida.

Apa m'pamene pagona nkhani. Poliyo imafooketsa minofu koma siichotsa kumva. Mwana wa poliyo chitsulo chikamuthina amalira, amaloza pomwe pakuwawa, mayi n'kumuvula. Mwana wa spina bifida phazi lake nthawi zambiri silimva kanthu. Chitsulo chingathe kumudya chidendene tsiku lonse iye akusewera ndi kuseka. Choncho chipangizo chomwecho chimene chinali chabwino kwa mwana woyamba chinkatha kumutulutsa zilonda mwana wachiwiri, ndipo zilonda za phazi losamva zimachedwa kupola.

Phunziro la phazi losamva linachokera ku matenda a khate. Dokotala Paul Brand, amene ankagwira ntchito ku Vellore m'dziko la India kuyambira m'zaka za m'ma 1940, anaonetsa kuti zala ndi mapazi a odwala khate sizimangowola zokha ayi. Zimaonongeka chifukwa munthu amapsa, kubayidwa ndi kukhuzika osamva, n'kupitiriza kuyenda pabala lomwelo. Agogo athu amene anaona odwala ku Utale m'boma la Balaka akudziwa zimene ndikunena. Spina bifida si khate ndipo sipatsirana, koma lamulo la phazi ndi limodzi: pamene ululu palibe, maso ndiwo ayenera kulondera.

KUBWERA KWA PULASITIKI

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, amisiri a ku Britain ndi ku America anayamba kupanga zothandizira miyendo ndi pulasitiki yolimba yotchedwa polypropylene. Chodziwika kwambiri ndi chimene achipatala amachitchula kuti AFO. Chimayambira pansi pa bondo, kutsika kuseri kwa mwendo, kuzungulira chidendene n'kupita kunsi kwa phazi, ndipo chimamangidwa ndi malamba omata. Ukachiyang'ana cham'mbali chimaoneka ngati chilembo cha L.

Kapangidwe kake ndi kamene kanasintha zinthu. Mmisiri amakulunga mwendo wa mwana ndi chikhakha, amachivula chikauma, n'kuthiramo pulasitala kuti apeze chifanizo cha mwendo weniweniwo. Amawonjezera pang'ono pamalo pamene mafupa atulukira, monga pa akakolo, kuti pasadzathine. Kenako amatenthetsa pulasitiki mu uvuni mpaka itafewa, kuivundikira pachifanizocho, kuidula ndi kuisalaza. Mwa njira iyi kulemera kwa thupi kumagawanika pakhungu lonse m'malo modzadzana pamalo awiri kapena atatu. N'chifukwa chake AFO ndi ya mwana mmodzi yekha. Ya mnzake, ngakhale akhale a msinkhu umodzi, singamukwane.

Nanga imathandiza bwanji? Tikaima, minofu ya kuseri kwa mwendo, ija timati akatumba, ndi imene imagwira mwendo kuti usagwere kutsogolo. Ana ambiri amene chotupa chawo chinali chakumunsi kwa msana amakhala ndi ntchafu zamphamvu koma akatumba ofooka. Akaima, mwendo umapendekera kutsogolo, mawondo amapinda, mwana amayenda monjuta ngati akufuna kukhala pansi, ndipo amapondera chidendene chokha. Ena phazi limalendewera n'kumakoka pansi. Kuyenda kotere kumatopetsa ndipo kumaononga mawondo. AFO imagwira kakolo kuti asapinde, mwendo umaima chilili, bondo limawongoka, phazi lonse limaponda pansi. Ofufuza a ku Belfast, amene anafalitsa zotsatira zawo m'chaka cha 2000, anayeza ana a spina bifida akuyenda ndi AFO komanso popanda AFO. Anapeza kuti atavala ankayenda mofulumirirapo, ankatambasula mwendo patali, ndipo sankataya mphamvu zambiri pa mtunda womwewo.

Koma timvetsetsane. AFO sichiritsa mitsempha ndipo sipereka mphamvu kumene kulibe. Ili ngati mtengo umene timazika pambali pa tomato: mtengowo subala, koma popanda iwo tomato amagwa.

NDANI AMAYENDA, NDANI SAYENDA?

A Sharrard a ku Sheffield aja anathandizanso kuonetsa kuti minofu iliyonse ya mwendo ili ndi malo ake pamsana pamene mtsempha wake umatulukira. Chotupa chikakhala chakumunsi, minofu yambiri imapulumuka. Chikakhala chakumtunda, yochepa ndi imene imagwira ntchito. Mu 1973, dokotala Mark Hoffer ndi anzake ku California anagawa anawa m'magulu anayi, ndipo magawowa akugwiritsidwabe ntchito: oyenda paliponse m'mudzi, oyenda m'nyumba ndi pakhomo pokha, oima ndi kuyenda pa nthawi ya mafizo yokha, ndi oyendera njinga nthawi zonse.

Chizindikiro chachikulu ndi mphamvu ya ntchafu. Mwana amene amatha kuwongola bondo mwamphamvu, kumenya mateche atakhala pansi, ali ndi mwayi waukulu woyenda ndi AFO, mwina pamodzi ndi ndodo. Amene chotupa chake chinali pansi penipeni angathe kuyenda ndi chothandizira chochepa, kapena popanda chilichonse. Amene ntchafu zake ndi zofooka amafunika chipangizo chofika pamwamba pa bondo kapena m'chiuno. Amisiri anayesetsa kupanga zipangizo zoterozo, monga choimikira mwana chimene Wallace Motloch anapanga ku Toronto cha m'ma 1971, koma zaka zinaonetsa kuti ana ambiri a gulu limeneli akamakula ndi kulemera amasankha njinga, chifukwa imawafikitsa kusukulu msanga ndiponso osatopa.

Amayi, njinga si kulephera kwanu kapena kwa mwana. Mwana wofika m'kalasi pa njinga ali ndi mphamvu zophunzirira aposa wofika ndi miyendo ali wefuwefu belu litalira kale. Ena amachita zonse ziwiri: pakhomo amayenda, ulendo wautali amakwera njinga. Dziwaninso kuti anawa amachedwa kuyamba kuyenda, ena amayamba atapitirira zaka ziwiri kapena zitatu. Musataye mtima poyerekeza ndi mwana wa aneba. Nthawi yofunsa za AFO ndi pamene mwana wayamba kugwirira zinthu kuti aime. Ngati anabadwanso ndi mapazi opindika, amayamba awongoledwa ndi zikhakha, chifukwa phazi lopindika silingakhale bwino mu pulasitiki.

KUMENE THANDIZO LILI LERO

Kwa zaka zambiri, malo aakulu opangira zipangizozi anali pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Mu 2002 kunatsegulidwa chipatala cha Beit CURE mumzinda womwewo, chimene chimachita maopaleshoni a mafupa a ana. Bungwe la ku Scotland la 500 miles, limene anayambitsa mayi Olivia Giles amene iwo eni anaduka manja ndi mapazi chifukwa cha matenda, linathandiza kutsegula malo ena pazipatala za Kamuzu Central ndi Mzuzu Central. Amisiri athu ambiri anakaphunzira ntchitoyi kusukulu ya TATCOT ku Moshi m'dziko la Tanzania. Mu 2017 pa Queen Elizabeth panatsegulidwa Mercy James, malo a maopaleshoni a ana.

Kwa ife a kunyanja, ulendo umayambira pachipatala chaching'ono chapafupi, kupita pachipatala cha boma cha Mangochi kukaonana ndi a mafupa ndi a mafizo, ndipo iwo ndi amene amalemba kalata yopita ku Zomba kapena ku Blantyre. Kuchokera pa boma kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 190, ndipo wochokera ku Makanjira amakhala atayenda kale ulendo wina wautali asanafike pa boma. AFO simatheka ndi ulendo umodzi: pali tsiku loyeza, tsiku lokatenga, ndi masiku okaonetsa. Mwana amakula koma pulasitiki sikula, choncho pakatha chaka, nthawi zina chisanathe, pamafunika ina. Abambo, thiransipoti imeneyi ikhale m'mapulani a banja monga momwe timakonzera za feteleza kapena za ukonde. Musanachoke kuchipatala, funsani tsiku lobwerera ndipo lilembedwe m'buku la mwana.

PHAZI LOSAMVA PA MCHENGA WA KU MANGOCHI

Zipangizozi zinayambira kumayiko ozizira, kumene mwana amayenda pa simenti atavala sokosi ndi nsapato. Kwathu kuno mu October ndi November mchenga umawotcha moti wamkulu amathamangira pamthunzi. Mwana wa phazi losamva amaima pomwepo mpaka matuza. Pali makala a pambaula, phulusa la pamalo owambira nsomba, mbedza, minga ya nsomba, matekenya, ndi makoswe amene amaluma zala usiku mwana osadzuka. Pali masipoko a njinga ya kabaza, ndi paipi ya utsi ya njinga yamoto imene yawotcha miyendo ya ana ambiri ali pamsana kapena pamiyendo pa amayi awo. Kamwala kamodzi kapena mchenga wolowa mu AFO ungathe kukumba chilonda tsiku limodzi. Ndiye chitani izi:

1. Yang'anani mapazi onse awiri m'mawa ndi madzulo, powala: chidendene, akakolo, pansi pa phazi, pakati pa zala, ndi pamene pulasitiki imathera pansi pa bondo. Mwana akamakula muphunzitseni kudziyang'ana yekha, ndi kagalasi ngati n'kofunika.

2. AFO yatsopano isavalidwe tsiku lonse nthawi imodzi. Yambani ndi mphindi 30 mpaka ola limodzi, vulani, yang'anani khungu, n'kumawonjezera pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku.

3. Chizindikiro cha lamba kapena cha pulasitiki chiyenera kuzimirira pasanathe mphindi 30. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka msanga, choncho yang'anani malo amene adera kuposa pena, akunyezimira, atupa, alimba kapena akutentha mukawagwira. Mukaona zotere, kapena thuza, musamuvekenso mpaka achipatala aone.

4. Mkati muzikhala sokosi yaitali, youma, yopanda makwinya. Kunja kuzikhala nsapato yotseka, chifukwa pulasitiki yokha imaterera. Chidendene chifike pansi penipeni musanamange malamba.

5. Gwedezani AFO ndi nsapato musanamuveke, ndipo pisanimo dzanja. Akachokera kunyanja, vulani, tsukani, umitsani.

6. Tsukani ndi sopo ndi madzi ofunda pang'ono, iume pamthunzi. Musaiwambe pamoto, musaidule ndi mpeni, ndipo ikathyoka musapite nayo kwa owotcherera kapena okhoma zidebe. Ibwerere kwa amene anaipanga.

7. Zala zikayamba kupitirira pulasitiki kapena malamba akayamba kuperewera, yachepa. Musakakamize.

8. Madzi osamba yambani mwawayesa ndi dzanja lanu. Mwana amene akukwawa mumuveke thalauzi ndi sokosi kuti mawondo ndi zala zisakhuzike.

Pali zizindikiro zina zimene sizidikira tsiku lolembedwa m'buku. Mwana amene ankayenda bwino akayamba kugwaigwa, phazi kusintha maonekedwe, kumva msana kapena kusintha kakodzedwe, mwina mtsempha wamatirira pachipsera cha opaleshoni ndipo ukukokeka pamene iye akukula. Mwendo ukatupa ndi kutentha, mwina fupa lathyoka ngakhale iye sakulira. Mwana wa shunt akamasanza, kumva mutu, kugona kwambiri kapena kukomoka, thamangani naye tsiku lomwelo, usiku kapena masana.

Ndipo kwa amene mwana wangobadwa kumene ndi chotupa: musateme mphini, musapake mankhwala achikuda, musachiboole. Mugonekeni chafufumimba kapena cham'mbali, phimbani ndi nsalu yoyera, tetezani kuti chimbudzi chisafikepo, pitirizani kuyamwitsa, ndipo pitani kuchipatala nthawi yomweyo.

GAWO LOMALIZA LA MBIRIYI: KUPEWA

Mu 1991 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu wochitika m'mayiko 7, wotsogozedwa ndi Nicholas Wald wa ku London. Anapeza kuti mwa amayi amene anaberekapo kale mwana wa vuto lotere, kumwa folic acid asanatenge pathupi kunachepetsa kubwereza kwa vutoli ndi 72 peresenti. Chifukwa cha zimenezi, dziko la America linalamula mu 1998 kuti folic acid azithiridwa mu ufa, ndipo South Africa inachita chimodzimodzi mu 2003 ndi ufa wa chimanga ndi wa tirigu. Kumeneko ana obadwa ndi mavutowa anachepa ndi pafupifupi 30 peresenti.

Ife ambiri ufa wathu ndi wa chimanga cha m'nkhokwe chogayitsa kuchigayo cha m'mudzi, ndipo mulibe chothiridwamo. Chinanso, ambiri timayamba sikelo mimba ili ndi miyezi inayi kapena isanu. Kumbukirani tsiku la 28 lija. Mapiritsi owonjezera magazi amene timapereka kusikelo ali ndi folic acid ndipo ndi ofunika kwambiri, koma pa nkhani ya msana wa mwana amakhala atachedwa. Mayi amene akuganiza zotenga pathupi, kapena amene wasiya kulera, ayambe kumwa mamaikulogalamu 400 patsiku mwezi umodzi kapena itatu pathupi pasanabwere, n'kupitiriza miyezi itatu yoyambirira. Amene anaberekapo mwana wa spina bifida amafunika mlingo waukulu kuposa pamenepo, ndipo uyenera kulembedwa ndi achipatala. Amayi odwala shuga ndi amene amamwa mankhwala a khunyu, makamaka sodium valproate, akambirane ndi dokotala asanatenge pathupi, koma asasiye mankhwala paokha. Nyemba, nandolo, khobwe, mtedza, bonongwe, nkhwani ndi chisoso zimathandiza, makamaka masamba akapanda kupsetsedwa kwambiri, ngakhale sizilowa m'malo mwa piritsi.

Tikaiona mbiri yonseyi, chilichonse chimene chinapezedwa chimafuna munthu wa pakhomo kuti chigwire ntchito. Shunt imafuna wozindikira kuti mwana wayamba kusanza. Kapaipi ka mkodzo kamafuna manja osamba. AFO imafuna maso a m'mawa ndi madzulo. Mmisiri wa ku Blantyre amamuona mwana kawiri kapena katatu pachaka, inu mumamuona tsiku lililonse. Ntchitoyi isakhale ya mayi yekha: bambo, agogo, azakhali ndi aphunzitsi ake adziwe kuyang'ana phazi ndi kumanga malamba. Mutu umodzi susenza denga.

Chaka chilichonse pa 25 October dziko lonse limakumbukira anthu a spina bifida ndi hydrocephalus. Musadikire tsiku limenelo. Ngati m'mudzi mwanu muli mwana amene amangokhala m'nyumba chifukwa makolo anauzidwa kuti palibe chingachitike, auzeni alangizi a zaumoyo kapena mperekezeni mayiyo kuchipatala. Gawanani nkhaniyi ndi anzanu, ndipo muwawerengere amene alibe foni. Mafunso lembani m'munsimu, koma zithunzi za ana ndi mayina awo musaike poyera.